Mesh yoyenda kapena yokhazikika: njira ziwiri zoonetsera kusungunuka pa kompyuta

Chovuta pa kusungunuka n'chakuti malire a cholimba ndi chamadzi sakhala pamodzimodzi. Josef Stefan analimbana nazo cha m'ma 1889 pofufuza za ayezi, n'chifukwa chake mpaka lero timati Stefan problem. Mapulogalamu a CFD, owerengera kayendedwe ka madzi ndi kutentha pa kompyuta, ali ndi njira ziwiri zotsatirira malirewa, ndipo chinthu chimene mukusungunula ndicho chiyenera kukusankhirani.

Njira yoyamba ndi yoti mesh, ukonde wa timabokosi (ma cell) umene pulogalamu imagawira malo onse owerengera, iziyenda limodzi ndi malirewo. Mu COMSOL Multiphysics mumachita izi ndi Deformed Geometry. Liwiro la malire limachokera pa kusiyana kwa kutentha kofika ndi kochoka pamalirepo, poyerekeza ndi latent heat, kutentha kofunika kuti cholimba chisanduke chamadzi. Malire amatuluka owongoka bwino, opanda chisokonezo. Pa chitsulo chosasakaniza ngati gallium, yomwe imasungunuka pa 29.8°C, ine ndimakonda njirayi. Koma malire akapindika kwambiri, kapena kusungunuka kukayambira mbali zingapo n'kudzakumana, ma cell amapotoka mpaka pulogalamu kuima, ndipo mumangokhalira kukonza mesh.

Yachiwiri ndi enthalpy-porosity, imene Voller ndi Prakash anaifotokoza mu 1987. Ndiyo ili mu Solidification and Melting ya ANSYS Fluent, ndiponso mu solidificationMeltingSource ya OpenFOAM, pulogalamu yaulere. Apa mesh siyenda. Cell iliyonse imasunga liquid fraction, gawo lake limene lasungunuka, kuyambira 0 mpaka 1, ndipo pomwe pali polimba, pulogalamu imatsekereza kayendedwe ka madzi ngati akudutsa mu mchenga wothinana. Pa phula la paraffin, lomwe silisungunuka pa digiri imodzi koma pang'onopang'ono pa madigiri angapo, njirayi ndiyo yoyenera, ndipo malire ochuluka saivuta.

Pa njira yachiwiriyi pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo. Choyamba ndi mushy zone constant, nambala yonena mphamvu imene pulogalamu imatsekerezera madzi pamene pasungunuka pang'ono chabe, yomwe Fluent imaiika pa 10⁵. Anthu ambiri amangoisiya pomwepo, chonsecho mukaikweza madzi a pafupi ndi malire amayenda mochedwa, ndipo maonekedwe a malire ndi nthawi yosungunuka zimasintha. Chachiwiri n'chakuti cholimbacho chimangokhala pamalo pake. Chibuma cha phula chimene chikanamira n'kukagunda pansi potentha chimatsala chili m'malere, choncho kusungunuka kumaoneka kochedwa kuposa mmene zimakhaliradi.

Njira iliyonse imene mwasankha, muyambe mwaiyesa pa zimene Gau ndi Viskanta anapeza mu 1986 posungunula gallium m'bokosi lotenthetsedwa mbali imodzi. Brent, Voller ndi Reid anayesera pomwepo njira ya enthalpy-porosity mu 1988. Muyese ndi mesh ziwiri kapena zitatu, chifukwa mu 2D mesh ya ma cell akuluakulu imaonetsa madzi akuzungulira malo amodzi, pamene ya ma cell ang'onoang'ono imaonetsa mizungulire ingapo kumayambiriro.