Amplifaya ya sabuwufa m'nyumba: class AB, class D kapena ya m'galimoto?

Amplifaya zamphamvu zomwe anthu amaika m'nyumba kuno ku Chipata zili m'magulu atatu: zolemera za class AB zija zoimbira kutchalitchi ndi paukwati, zopepuka za class D, ndi za m'galimoto zoyendera batire. Poziyerekeza onani mawati a RMS okha, omwe ndi mphamvu yomwe amplifaya imatulutsa mosalekeza; nambala ya PMPO yapabokosi, yomwe imakhala yokokomeza, musaiwerengere.

Ya class AB, monga QSC RMX 850, imapereka mawati 300 mbali iliyonse pa 4 ohm ndipo imalemera makilogalamu pafupifupi 16. Ubwino wake ngwakuti transistor ikapsa, amisiri a mawailesi amaikonza. Koma pafupifupi theka la magetsi omwe imakoka limangosanduka kutentha, ndiye fani yake siipuma. Muholo simungaimve, koma pabalaza usiku imasokosa. Kukatentha mu Okutobala fumbi n'kutseka mabowo a mpweya, imadzizimitsa yokha. Poyatsanso imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, invata yaing'ono n'kuzima.

M'nyumba, class D ndiyo yoyenera. Mwachitsanzo, Crown XLS 1502 imapereka mawati 525 mbali iliyonse pa 4 ohm koma sifika makilogalamu 4, ndipo sitentha kwambiri, choncho batire ya invata imakhalitsa malaiti akapita. Ili ndi crossover mkati, yomwe imalekanitsa besi ndi mawu ena: itchereni pa 80 Hz kuti sabuwufa izilandira besi yokha. Ilinso ndi polowetsa RCA (mapulagi ofiira ndi oyera aja), ndipo mungaitchere pa 0.775 V m'malo mwa 1.4 V kuti izilira mokweza ngakhale mawu olowa ali ofooka. Apa mposamala, chifukwa TV ndi foni zimatulutsa mphamvu yochepa, ndipo amplifaya yambiri za muholo zimalira motsika popanda mikisa pakati. Chofooka chake ndi bolodi ya magetsi: ikapsa, zipangizo zake zimavuta kupeza. Magetsi a ZESCO akazima zulani pulagi, mubwezere akakhazikika.

Ya m'galimoto imathandiza okhawo odalira sola, monga kumidzi ya Chadiza kapena Vubwi. Pa 12 V, mawati 500 amakoka kupitirira 40 amps, kotero pamafunika waya wa 25 mm² ndi fyuzi pafupi ndi batire. Waya wowonda umatentha mpaka kusungunuka.

Iliyonse mungasankhe, werengani ma ohm. Masipika awiri a 8 ohm olumikizidwa mu parallel amakhala 4 ohm. Sabuwufa ya 4 ohm mukaiika pa bridge, kutanthauza kuphatikiza mbali zonse ziwiri za amplifaya kuti ziyendetse sipika imodzi, mbali iliyonse imanyamula katundu wa 2 ohm, ndipo amplifaya zambiri sizipirira pamenepo. Kumbukiraninso kuti amplifaya yaing'ono yokwezedwa mpaka kumapeto imaotcha ma tweeter, timasipika ta mawu opyapyala, chifukwa mawu ophwanyika amatumiza mphamvu yambiri kumeneko. Kanyali kofiira ka clip, kosonyeza kuti mawu ayamba kuphwanyika, kakangoyamba kuphethira, tsitsani. Amplifaya muziiyatsa pomalizira, ndipo pozimitsa muziyamba ndi iyo, kuti kugunda komwe kumamveka poyatsa ndi pozimitsa zipangizo zina kusafike kumasipika.