Miyezi 8 ndikulipira pulogalamu yojambula zithunzi, nkhokwe yokha yaikanika

Lachiwiri m'mawa foni inalira, uthenga wa ku banki: andidulanso madola 10 a pulogalamu ya pa intaneti imene imajambula zithunzi ukailembera mawu ofotokoza chimene ukufuna. Ndinali nditaiwala kuti imadzidulira yokha mwezi ukatha. Tsiku lomwelo mphunzitsi mnzanga anandifunsa ngati nawo alembetse, ndiye ndati ndibwerenso ndilembe, popeza mu Okutobala ndinalemba zoitama kwambiri.

Ndimaphunzitsa Sitandade 6, ana 84 m'kalasi imodzi, buku limodzi amagwirana anayi. Zithunzizo ndimakasindikiza pa A4 kumsika n'kumata pabolodi. Pa nyama ilibe vuto: njovu, mvuu, ng'ona zimatuluka ngati wazijambula uli pa boti ku Liwonde. Zithunzi za mizere yokhayokha zimabweranso bwino, ndipo sizidya inki.

Koma nkhokwe! Pa phunziro la kasungidwe ka chimanga ndinaipempha nkhokwe ya kumudzi. Chichewa sinachimve n'komwe, ndiye ndinalemba m'Chingerezi, n'kufotokoza zonse: yolukidwa ndi nsungwi, yozungulira, yokwezedwa pa miyala ndi mitengo kuti chinyezi chisalowe, denga la udzu. Poyamba inandipatsa chithanki chachitsulo ngati nkhokwe za boma. Kachiwiri inabweretsa kanyumba kokhala ndi chitseko ndi mawindo, pakhomo pataima amuna ovala nsalu zofiira atagwira mikondo, Amasai a ku Kenya enieni. Ndinayesa ka 12 mpaka bandulo inatha. Nsima imaiona ngati mpunga, mtondo imausandutsa kambale kosinjira tsabola, ndipo mukati ilembe mawu pa chithunzi, "chimanga" chimatuluka zilembo zitasokonekera. Miyezi yonseyi palibe chasintha pamenepa.

Chithunzi china cholakwika ndinapita nacho m'kalasi, chifukwa ndinali nditachilipira kale posindikiza. Ndisanayankhule, mtsikana wina wa kumbuyo, amene sakweza dzanja chaka chonse, anati: "Aphunzitsi, nkhokwe imeneyo yakhala pansi, chiswe chimaliza." Kalasi yonse inayamba kuloza zolakwika. Mnyamata wina anatenga choko n'kujambula ya kwa agogo ake, ndi makwerero omwe. Tsiku limenelo ndinaikhululukira pulogalamuyo, ndinafika kunyumba ndikuitamanso.

Chikhululukirocho chinatha ndi uthenga wa ku banki uja. Ndikulembetsa, dola inali pafupifupi K1,180. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kufika K1,700. Madola 10 omwewo anachoka pa K11,800 kufika pa K17,000, osawerengera bandulo ndi kusindikiza, zonse zotuluka m'thumba la mphunzitsi. Sukulu siyibweza ngakhale tambala.

Ndinawalembera eni ake a pulogalamuyo kuti andibwezere za mwezi uno, sindinajambule kanthu chifukwa tinali pa mayeso. Anayankha makina, m'Chingerezi chaulemu kwambiri. Patatha masiku asanu munthu weniweni anati ndalama sabweza, koma andiwonjezera zithunzi zaulere. Zithunzi za chiyani, za Amasai?

Ndinafufuza batani loletsera kulipira, alibisa mkati mwenimweni, ndaletsa. Mnzanga uja ndawauza ayambe ndi zaulere zimene zilipo, azijambulitsa nyama ndi za sayansi zosafuna mawu. Nkhokwe ya mnyamata uja ndinaijambula pa foni asanafufute pabolodi, chaka chamawa ndisindikiza imeneyo.