Kanyenya m'chisanu: miyezi isanu ya makina amagetsi ndi mbaula yapabwalo

Mu Okutobala ndinagula makina amagetsi ootchera nyama, aja otseka ngati buku, okhala ndi ziwaya ziwiri zamizeremizere, china pansi china pamwamba. Sabata isanathe ndinali nditawatamanda kwa aliyense wonditchera khutu. Ndinkati vuto la kanyenya kuno ku Leicester, ku England, latha, sitidzaimanso pabwalo tikunjenjemera ndi mbale m'manja. Lero tili mu Malichi. Makinawo ali pamwamba pa firiji, chingwe chake chitakulungidwa, ndipo anzanga awiri amene anagula awo chifukwa cha pakamwa panga ayenera kumva zonse zimene ndaona m'miyezi isanuyi.

Chimene chinandigulitsa nchodziwika kwa aliyense amene anakhalapo kuno nyengo yachisanu. Lamulungu lomaliza la Okutobala amabweza mawotchi ndi ola limodzi, ndipo pofika Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Umachoka kunyumba kuli mdima, nkuweruka kuli mdima. Chisanu cha ku Dedza chimaluma, inde, koma 10 koloko ikamakwana dzuwa limatuluka munthu nkuvula juzi. Cha kuno chimabwera ndi kamvula kosatha ndi mphepo, ngati chiperoni chimene chaiwala kubwerera kwawo. Mbaula yanga yapabwalo, ija yozungulira yokhala ndi chivundikiro ndi miyendo itatu, ndinaiphimba ndi pepala lapulasitiki ndili ndi maganizo oti tionana mu Meyi.

Ndisawanamizire makinawa, pali ntchito imene amaigwira bwino, ndipo mpaka lero sindinasinthe mawu pa imeneyo. Ntchafu za nkhuku zochotsa mafupa, masoseji, nthuli zopyapyala za ng'ombe: umayatsa, kudikira kanyali kazime, kuika, kutseka, pakatha mphindi zisanu ndi zitatu kapena khumi zapsa mbali zonse osatembenuza. Ndi a mawati 2,000, ndiye ngakhale atayaka mphindi 20 osapuma sadya yuniti yathunthu ya magetsi. Lachitatu madzulo, ana ali ndi njala, nsima ili pamoto, palibe chowaposa pa changu. Novembala yense tinadya choncho ndipo palibe anadandaula.

Zinayamba kuonekera poyera tsiku limene ndinabwera ndi mbuzi. Ndinagula mwendo ndi nthiti ku butchala ya Asilamu, nkuwapempha adule timagawo ta kanyenya, mafupa ali momwemo. Ndinainyika usiku wonse mu adyo, jinja, mchere, mandimu ndi kambuzi amene apongozi anatitumizira wouma. Mawa lake ndinadzaza chiwaya chonse nkutseka. Poyamba kunamveka kaphokoso kabwino kaja, tsiii, koma sikanakhalitse. Kanasanduka kubwata. Nditatsegula ndinapeza nyama yotuwa ikusambira m'madzi ake, mizere yakuda ili pa mafupa okha, poti chiwaya chapamwamba chinatsamira pa mafupawo osakhudza mnofu. Akazi anga anatola kamodzi, nkutafuna, nkutafunabe, kenako anati, "Bambo, iyi mwaotcha kapena mwachapa?"

Ndinayesanso katatu m'masabata otsatira ndisanamvetse kuti vuto silinali mbuzi. Nyama ikangotentha imatulutsa madzi. Pamakala madziwo amagwera pansi kapena kuuluka, kunja kwa nyama nkuuma, ndipo pouma pamenepo mpamene pamafiira ndi kununkhira. Kufiira kumeneku kumafuna kutentha kopitirira madigiri 140, ndipo anakufotokoza koyamba ndi Mfalansa wina, Louis-Camille Maillard, mu 1912, nchifukwa chake ophika amakutchula ndi dzina lake. Koma madzi sapyola madigiri 100. Ukatsekera nyama yambiri pakati pa ziwaya ziwiri, nthunzi imasowa kothawira, ndiye chimene ukuchita ndi kuphika, kungoti mopanda msuzi. Mankhwala ake ndi kuika timagawo tochepa motalikirana, kupukuta nyama ndi pepala iume musanaike, ndi kusiya chivundikiro chotsegula. Zimathandiza ndithu. Koma ukatero, kilogalamu imodzi imafuna maulendo anayi, ndipo pomwe gawo lomaliza likupsa, loyamba lazizira kalekale. Kwa banja la anthu asanu, changu chija chathera pomwepo.

China chimene ndinachidziwa mochedwa nchokhudza fungo. Kuyambira ndili mwana ndinkaganiza kuti kukoma kwa kanyenya kumachokera m'makala. Ayi. Makala oyaka bwino alibe fungo lenileni. Chimene chimatikoka tikamadutsa pamalo ootchera nyama madzulo ndi mafuta ndi msuzi zodontha pamakala amoto, nkupsa, utsi wake nkubwerera kudzamatirira pa nyama. Tsono makina angawa anapangidwa dala motsetsereka kuti mafuta azitsikira m'kambale kapulasitiki kutsogolo, ndipo pabokosi anazilemba ngati ubwino. Kwa amene adokotala anawaletsa mafuta ndi ubwino zoona. Kwa ine zinali ngati kugula wailesi imene amaitamanda kuti siisokosa.

Utsi wokha m'nyumba unalipo, wosanunkhira bwino komanso wokwanira kuliza alamu yapakhonde. Kasanu konse ndakhala ndikuikupiza ndi thaulo, mazenera onse pululu, kutentha kumene talipira ndalama kukuthawira panja. Fungo la mafuta linalowa m'makatani ndi m'majekete opachika kuseri kwa chitseko. Mwana wathu wamkulu anabwera kusukulu tsiku lina atakwiya kuti anzake amufunsa ngati kwawo amagulitsa tchipisi. Kuyambira pamenepo yunifolomu imatsekeredwa kuchipinda ndisanayatse chilichonse. Kutsuka nakonso ndi ntchito, chifukwa ziwaya za makina angawa sizichoka ndipo sungawaviike m'madzi. Umapukuta mzere umodziumodzi akadali ofunda. Pofika Febuluwale utoto wakuda woletsa kumatirira uja unayamba kusupuka pakati, pamene pamakhala nyama kawirikawiri, ngakhale sindinakandepo ndi chitsulo. Amene simunagule, funani a ziwaya zochoka, musanyengeke ndi mtengo ngati ine.

Mbaula yapabwalo ndinaivundukula pa Khirisimasi, osati mwa kufuna kwanga koma chifukwa alendo anali khumi ndi awiri ndipo mbuzi inali itagulidwa kale. Tsiku limenelo ndinavutika. Makala anali atagona m'shedi kuyambira Seputembala, thumba lili lotsegula, ndipo anali atamwa chinyontho. Anafuka utsi woyera kwa theka la ola osagwira moto, ine ndikukupiza ndi chivundikiro cha ndowa, aneba akusuzumira pazenera. Tinadya mochedwa, koma titadya m'nyumba munali zii, aliyense ali ndi fupa m'manja. Apo ndinadziwa kuti ndinafulumira kuiphimba.

Kuchokera tsiku limenelo ndaotcha pabwalo pafupifupi Loweruka lililonse lopanda mvula yamphamvu, ndipo ndaona kuti mdani si kuzizira ayi, ndi mphepo. Tsiku lozizira zedi, udzu utayera ndi chisanu koma kuli bata, mbaula imagwira ntchito ngati mu Julayi, nyengo yotentha kuno, kungoti imadya makala ochulukirapo. Tsiku lofundirako koma lamphepo, moto umayaka mbali imodzi, makala nkutha msanga, nyama osapsa. Ndinaisuntha kuiika pafupi ndi khoma lanjerwa lotchinga mphepo, kutali ndi mpanda wamatabwa ndi zenera la aneba. Makala tsopano amakhala m'chidebe chotseka. Ndimawaunjika mbali imodzi, mbali ina osaika kanthu, kuti nyama iyambe yafiira pamoto kenako ndiisunthire kopanda makala, nditseke, ipse pang'onopang'ono mpaka mkati.

Chivundikirocho ndiye nkhani yonse. Ife tinakula tikuotcha pamoto wapoyera, kutembenuza nyama mphindi iliyonse uku tikucheza, ndipo dzanja limayabwa kufuna kutsegula. M'chisanu ukatsegula kamodzi kutentha konse kwapita, uyambirenso kudikira. Ndinadziphunzitsa kusiya timabowo tampweya totsegula, kutseka chivundikiro, nkulowa m'nyumba kukaonera pazenera la kukhitchini ndi kapu ya tiyi. Poti mdima umagwa msanga ndipo maso amanama pa kuwala kwa tochi, ndinagula kachipangizo kobaya m'nyama koyezera kutentha. Nkhuku ikafika madigiri 75 pamnofu wochindikala pafupi ndi fupa, yapsa, palibe zodula kuti uone ngati muli magazi. Ndi kanthu kotchipa koma m'zonse zimene ndagula chaka chino ndi kamene sindinong'oneza nako bondo. Chinanso chaching'ono: mbale yotengera nyama muziyamba mwaitenthetsa. Mafuta a mbuzi amagwirana msanga, ndipo pa mbale yozizira amayera musanafike pakhomo.

Alamu anga, amene amakhala ku Nottingham, ankandiseka ndi makala angawa chifukwa iwo ali ndi chootchera cha gasi. Mu Januwale tinapitako tsiku lina kutazizira kwambiri, ndipo moto wawo unkangoti nyeng'enyeng'e ngati kandulo, botolo lili lodzaza. Iwo ankati awagulitsa gasi wachinyengo. Sanawabere. Botolo lawo linali la gasi wa mtundu wa butane, amene amaleka kusanduka mpweya kuzizira kukafika cha pa madigiri 0. Wa nyengo ino ndi propane, amene amagwirabe ntchito mpaka pa madigiri 42 kunsi kwa 0. Tinamalizira nyamayo mu uvuni, iwo ali duu.

Ndi alamu omwewa amene anatsala pang'ono kutilowetsa m'mavuto, ndipo ndawapempha chilolezo chonena izi. Loweruka lina anabwera kwathu, moto utagwira bwino, nyama ili pakati pakupsa, mvula inayamba ndi mphamvu. Anati, "Alamu, tinyamule mbaulayi tiike m'galaja, chitseko tichisiye chotsegula pang'ono, tikhalemo tiziothera konko." Kunena zoona ndinagwira kale chogwirira chimodzi. Anatiletsa ndi akazi anga, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo anaphunzitsidwa za zimenezi. Anaima pakhomo nati, "Achimwene, mbaula imeneyo ikalowa m'galaja, ine ndi ana tikukagona kwina."

Makala akamayaka pamalo osapita mphepo yokwanira amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Umakakamira m'magazi mwamphamvu yoposa ka 200 poyerekeza ndi mpweya wabwino umene timapuma, ndiye thupi limabanika munthu akupuma bwinobwino. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ndipo tulo timeneto ndi timene timapha, chifukwa munthu amangoti ndigone pang'ono. Kutsegula chitseko pang'ono sikokwanira. Choopsa china nchakuti makala ooneka ngati azima, aphulusa pamwamba, amatulutsabe mpweyawu kwa maola angapo, ndiye ngakhale kulowetsa mbaula mutatha kuotcha nkulakwa. Kuno ku England, kuyambira Okutobala 2022, eni nyumba zalendi amalamulidwa kuika alamu ya mpweya umenewu m'chipinda chilichonse chokhala ndi chipangizo chokhazikika choyaka moto, monga boila, kupatula chitofu cha gasi chophikira. Koma m'galaja mwathu mulibe alamu yotere, ndipo muli chitseko cholowera kukhitchini.

Usiku umenewo ndinakumbuka kwathu. Mu Juni, agogo ankalowetsa mbaula kuchipinda kuti tifunde, ndipo m'mawa tinkadzuka mitu ikuwawa, wina akusanza, akuluakulu nkumati ndi malungo a chisanu. Ndikuganiza kuti chinkatipulumutsa ndi mipata ya kudenga ndi mazenera osatseka bwino. Nyumba za kuno amazimata paliponse kuti kutentha kusatuluke. Tsiku limenelo tinamalizira kuotcha pabwalo pomwepo, alamu atagwira ambulera, ine mbano, madzi akutsikira m'khosi.

Nanga masiku a ntchito, poti makina ali pa firiji? Yankho linali m'khitchini momwemo nthawi yonseyi. Uvuni wathu, monga mauvuni ambiri kuno, uli ndi moto wapamwamba. Ndimaika nyama pa waya, thireyi pansi yolandira mafuta, pafupi ndi motowo. Nthunzi imakhala ndi kothawira, mafupa sasokoneza, ndipo kilogalamu yonse imalowa kamodzi. Mbuzi ndimayamba ndaiwiritsa ndi adyo ndi mchere mpaka ifewe, kenako nkuipaka mafuta pang'ono ndi kambuzi, mphindi khumi pansi pa moto, kutembenuza kamodzi. Fungo la makala palibe, sindinama, koma imafiira ndipo imatafunika. Nthuli za ng'ombe zimapita pa chiwaya chachitsulo cholemera chimene ndinagula pa kaunjika wa ziwiya. Chimasunga kutentha kuposa makina aja, chilibe utoto wosupuka, ndipo mtengo wake sunafike ndi theka lomwe.

Kwa anzanga awiri aja: ngati mumakhala pa fulati yopanda bwalo, muli nokha kapena awiri, ndipo chimene mumadya kwambiri ndi nkhuku ndi masoseji, makinawo asungeni, akutumikirani. Ngati munagula poganiza kuti mudya kanyenya wa mbuzi ngati wa kwathu, ndinakusokeretsani, pepani, ndipo Loweruka likubwerali bwerani mudzadye kwathu, mubwere ndi majekete. Anga ndalonjeza kupatsa mwana wa alamu amene akuyamba yunivesite mu Seputembala. Wafunsa kale ngati amatha kuwotcha buledi wa tchizi, ndipo ndamuuza kuti pa zimenezo sanandikhumudwitsepo.