Kawotchi kowerenga makalori kaja, miyezi 8 ndili nako

Anzanga a ku jimu mwakhala mukundifunsa ngati kawotchi ndinagula pokonzekera mpikisano woonetsa minofu kaja kanandithandiza, ndiye ndiyankhe pano kamodzi. Ndakavala miyezi 8, masabata 16 mwa imeneyo anali a prep, nthawi yochepetsa mafuta m'thupi mpikisano usanafike.

Pa makalori kamanama, osabisa. Tsiku la miyendo, ma squat ndi leg press, kamalemba kuti ndaotcha 900 pa ola limodzi, ine kusangalala, kufika kunyumba n'kuonjezera mtanda wa nsima poti ndakhetsa thukuta, masabata atatu sikelo ili pa makilo 84 pomwepo, mimba osaphwa. Ndinadzazindikira mochedwa kuti iko kamadalira kugunda kwa mtima, pomwe ukanyamula chitsulo cholemera mtima umathamanga chifukwa chobanika ndi kulimbalimba, osati kuti thupi likuotcha zambiri choncho. Komanso theka la ola limenelo umakhala uli pa benchi ukupuma, ena tikuseweretsa foni. Ku yunivesite ya Stanford ku America mu 2017 anayesa mawotchi 7 otere, pa mtima anachita bwino koma pa makalori yabwino kwambiri inaphonya ndi 27%, ina mpaka 93%.

Pomwe kanandigwira dzanja ndi powerenga masitepe amene ndimayenda. Ukachepetsa chakudya thupi limayamba ulesi iwe osadziwa, ine ndinangoona nambala yatsika kuchoka 11,000 kufika 6,000 patsiku, kumakwera kabaza kamtunda koti kale ndinkayenda wapansi ndikuimba likhweru. Ndinabwezera masitepe aja, n'kumayenda chitunda m'mamawa mphindi 40, sikelo inayamba kutsika theka la kilo pa sabata. Kilo imodzi ya mafuta ndi makalori pafupifupi 7,700, ndiye musayembekeze zozizwitsa. Zitsulo ndinabwerera ku zolemera kuti minofu isapite, zopepuka za ma rep 25 (kunyamula ka 25 osapuma) zoti amati zimasema thupi zija ndinasiya, zimangonditopetsa. Pa siteji ndinakwera ndili 76.

Batire poyamba limakhala masiku 5, pano atatu, magetsi akathima usiku ndakagona osachaja kangapo konse. Lamba wake amayabwa thukuta likaumira pansi pake, ndipo pa deadlift (kunyamula chitsulo kuchokera pansi) ukamanga ma strap, malamba a pamkono ogwirira chitsulo, kamasokonezeka, mtima kulemba 70 iwe maso ali gwa. Tsiku la msana ndimangokavula n'kuponya m'chikwama.