Kabotolo koyezera ndi kukhutchumulira dressing: ndemanga yanga patatha miyezi inayi

Kabotolo aka, kopangira dressing (msuzi wothira pa saladi), ndinakagula mu June, mu shopu ina yogulitsa ziwiya za kukhitchini ku Old Town mu Lilongwe. Pano tili mu October, ndipo sipanadutse sabata osakagwiritsa ntchito, ndiye ndikhoza kunena zomwe ndaona ndi maso anga. Ndikukapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Yachisanuyo ndaimana chifukwa cha chivindikiro komanso malangizo omwe anadinda m'mbali mwake, ndipo zonsezi ndizifotokoza.

Ndi kabotolo ka pulasitiki yolimba yoonekera mkati, kolowa mamililita 300. M'mbali muli mizere yosonyeza mamililita, pamwamba pali chivindikiro chopotokola chokhala ndi kamlomo kothirira. Umathiramo mafuta, mandimu kapena viniga, mchere ndi zina zomwe ukufuna, n'kutseka, n'kukhutchumula. Basi, palibenso china.

Chomwe chinandipangitsa kugula ndi ichi. Kumayambiriro a chaka ndinapita kukayezetsa, anandipeza BP yakwera, thupi nalonso linali litawonjezekera. Anamwino anandilankhula bwinobwino kuti ndichepetse mchere ndi zamafuta, ndiziyendako pansi. Ndinamvera. Ndinasiya tchipisi cha pachiwaya chomwe tinkadya masana ndi anzanga ku City Centre, ndinayamba kunyamula saladi kuchokera kunyumba ku Area 25: kabichi wodula bwino, kaloti wopala, tomato, anyezi, nthawi zina nkhaka. Miyezi iwiri inatha, sikelo osasuntha olo pang'ono. Zinandiwawa mumtima, chifukwa ndinkadzimana zedi.

Amene ananditsegula maso ndi mng'ono wanga yemwe anaphunzira za kadyedwe ku Bunda. Tsiku lina Loweruka anandipeza ndikukonza saladi, anangoima pakhomo la khitchini n'kumaonerera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Achemwali, tabwezerani mayonezi mwathirawo mu supuni tiwerenge." Tinawerenga masupuni akuluakulu anayi odzaza. Anandiuza kuti supuni imodzi ya mayonezi wamba ili ndi makalori (muyeso wa mphamvu ya chakudya) pakati pa 90 ndi 100, pomwe kabichi wolemera magalamu 200, amene ndi wodzaza mbale, ali ndi makalori pafupifupi 50 okha. Ndiye kuti m'mbale yanga masamba onse pamodzi sankafika ngakhale theka la zomwe ndinkathira pamwamba. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti vuto langa linali m'dzanja lothira, ndipo ndinayamba kufunafuna choyezera.

Pa ntchito yoyezayo, kabotoloka sikanandikhumudwitse. Ndinayesa kuthira madzi ndi supuni yoyezera ya mamililita 15 kuti ndione ngati mizere ikunena zoona, ndipo inagwirizana. Ichi n'chofunika kwambiri, chifukwa masupuni athu a m'nyumba ndi osiyanasiyana. Ina ndi yakuya, ina ndi yosaya, ndipo mafuta akamatuluka m'botolo lalikulu sudziwa kuti wathira ochuluka bwanji. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pomwe ya shuga kapena ufa ili ndi 4. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta, ya mamililita 15, ndi makalori pafupifupi 120. Dzanja likangopendekera pang'ono, wawonjezera 100 osadziwa. Ndi kabotoloka ndimaona mafuta akukwera mpaka pa mzere, ndimasiya pomwepo.

Apa ndiyenera kunenapo za mafuta a olive, chifukwa anzanga ambiri ku ofesi amakhulupirira kuti sanenepetsa. Inenso ndinkaganiza choncho. Ndi mafuta abwino ndithu ku mtima, koma pa makalori ndi chimodzimodzi ndi a mpendadzuwa kapena a soya, 120 pa supuni. Ndipo chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zochokera kunja ngati zimenezi mtengo wake ndi wolimba. Ine ndimagwiritsa ntchito mafuta a mpendadzuwa omwewa ophikira ndiwo. Mafuta ophikira ogulitsidwa movomerezeka m'dziko muno amawathira vitamini A, ndiye sindidandaula kuti ndikuluza kanthu.

Tsopano malangizo a m'mbali aja. Opanga kabotoloka anadinda njira zingapo zosakanizira, ndipo yoyamba ikutsatira kaphikidwe kakale ka azungu: magawo atatu a mafuta, gawo limodzi la viniga. Kukoma imakoma, sindingakane. Koma tawerengerani nokha. Mafuta mamililita 90 ndi viniga mamililita 30 zimapereka mamililita 120 a dressing okhala ndi makalori pafupifupi 720. Mukathira masupuni awiri pa saladi, amenewo ndi makalori 180. Kwa munthu amene akufuna kuchepetsa thupi, njira imeneyi siyothandiza, ndipo palibe paliponse pomwe analemba kuti munthu azithira wochuluka bwanji pa mbale imodzi. Wogulitsa mu shopu muja anandiuza kuti kabotoloka ndi ka anthu osamala thupi. Mwina ndi zoona, koma malangizo akewo sanalembere anthu otere. Munthu akangotsatira zomwe zalembedwazo n'kumathira mwaufulu, adzabwerera pomwe ndinali ine ndi mayonezi.

Ndiye ndinasiya malangizowo n'kumangogwiritsa ntchito mizere. Njira yomwe ndakhazikika nayo ndi iyi: mafuta mpaka pa mzere wa 30, madzi a mandimu mpaka pa 60, madzi akumwa owiritsa mpaka pa 90. Ndimawonjezera kasupuni ka tiyi ka mustard, kachidutswa ka adyo wosinja, mchere wotsina ndi zala ziwiri, ndi kambuzi mmodzi wodula tating'onoting'ono. Zonsezi ndi makalori pafupifupi 250, ndipo zimandikwanira masiku atatu, kutanthauza kuti mbale iliyonse imalandira 80 ndi pang'ono. Mustard musamusiye. Mafuta ndi madzi sizigwirizana, ukakhutchumula zimasakanikirana kwa kanthawi kenako zimalekananso, koma mustard amazigwira pamodzi kuti zikhale zonona ndi kumamatira ku masamba m'malo motsetserekera pansi pa mbale. Tsiku lomwe ndinalibe mustard ndinaona kusiyana kwake: kabichi anali wouma pamwamba, pansi pali chithaphwi.

Koma yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi ya chambiko. Anthufe tinazolowera saladi yoyera ya paukwati ndi pa chinkhoswe, ya kabichi ndi kaloti zosambira m'mayonezi, ndipo lilime likazolowera zonona silivomera msanga za mandimu okhaokha. Chambiko chinandithetsera vuto limeneli. Ndimathira mamililita 120 a chambiko, 15 a mafuta, 15 a mandimu, adyo, tsabola wakuda ndi mchere pang'ono. Zonse pamodzi ndi makalori pafupifupi 200 m'mamililita 150, ndiye masupuni awiri ndi 40 basi. Yerekezani ndi masupuni awiri a mayonezi omwe akuyandikira 200. Bambo a kunyumba, omwe poyamba ankati masamba osaphika ndi chakudya cha akalulu, tsiku loyamba anadya osafunsa, atamaliza ndi pomwe anati, "Mayi a ana, mayonezi a lerowa mwagula kuti?" Ana nawonso amaikonda, makamaka ndikathiramo kasupuni ka uchi, ngakhale uchi uli ndi makalori ake, oposa 60 pa supuni yaikulu, ndiye wa ine ndekha sindithira. Yogati wopanda shuga amagwiranso ntchito yomweyi, kungoti ndi wolimbirapo ndipo amafuna madzi pang'ono kuti akhutchumuke.

Ndayesanso bwemba m'malo mwa mandimu. Ndimamuviika m'madzi otentha, n'kusefa bwino. Kuwawasa kwake kumayenda kwambiri ndi nyemba zozizira ndi anyezi. Ufa wa malambe nawo ndi wabwino, umalimbitsa dressing popanda mafuta ambiri, koma uyenera kuyamba kuusungunula m'kapu chifukwa ukathira wouma umapanga mibulu yomwe imatseka kamlomo. Mapeyala ndi chiponde m'kabotolo aka musayese, ndi zolimba kwambiri, zimangokakamira m'mbali. Zimenezo ndi za mbale ndi foloko. Ndipo pokhala kuti tikunena za makalori, dziwani kuti peyala lili ndi pafupifupi 160 pa magalamu 100 alionse, chiponde choposa 90 pa supuni. Ndi zakudya zabwino, koma tsiku lomwe ndaika peyala mu saladi sindithiranso mafuta, mandimu ndi mchere zimakwana.

Sabata ina ndinafuna kuchotseratu mafuta kuti zinthu zifulumire. Mng'ono wanga uja anandiletsa. Anati mavitamini A, D, E ndi K amafuna mafuta kuti thupi liwatenge, ndipo zomwe zili mu kaloti ndi masamba obiriwira, zomwe thupi limasandutsa vitamini A, zimalowa bwino pakakhala mafuta pang'ono. Ndinaonanso ndekha kuti saladi yopanda mafuta konse siikhalitsa m'mimba. Pofika 3 koloko njala inkandipweteka, maso ali pa mandasi. Kasupuni kamodzi kapena kawiri ka tiyi ka mafuta, limodzi ndi dzira lowiritsa kapena nyemba kapena kachidutswa ka nkhuku, ndi zomwe zimandifikitsa madzulo.

Ena adzafunsa kuti bwanji osangogula dressing ya m'botolo yolembedwa kuti ili ndi mafuta ochepa. Ndinagulapo imodzi ndisanapeze kabotoloka. Makalori analidi ochepa, koma nditawerenga mndandanda wa zomwe anaikamo, shuga anali pafupi ndi pamwamba, ndipo pa mndandanda wotere chomwe chili chochuluka ndi chomwe chimayamba kulembedwa. Mchere nawo unalimo wambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi ochepera pang'ono kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo kwa ine wa BP nkhani ya mchere ndi yaikulu ngati ya mafuta yomwe. Chinanso, mabotolo ambiri ochokera ku South Africa amalemba mphamvu ya chakudya mu kJ osati makalori. Mukaona nambala yaikulu musadzidzimuke, igaweni ndi 4.2. Mwachitsanzo, 1,260 kJ ndi makalori 300. Onaninso ngati nambalayo ndi ya mamililita 100 kapena ya supuni imodzi, chifukwa apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka.

Ndibwere ku chivindikiro. Miyezi iwiri yoyamba chinali bwino. Mwezi wachitatu kamlomo kothirira kanayamba kusatseka mokwanira. Tsiku lina ndinakaika kabotoloka m'chikwama, ndinakwera minibasi, pofika ku ntchito mapepala ndi kachikwama ka ndalama zonse zinali mafuta ndi fungo la adyo. Ndinabwerera ku shopu kuja kukafunsa ngati amagulitsa zivindikiro zapadera, anati ayi, ndigule kena katsopano. Sindinagule. Pano pokhutchumula ndimatsindika kamlomoko ndi chala, ndipo kabotoloka sikachokanso panyumba. Dressing ya ku ntchito ndimaithira m'kabotolo kena kagalasi kakang'ono kotseka bwino, n'kukathira pa saladi nthawi yodya. Izi zili ndi ubwino wake, chifukwa masamba ukawathira mchere ndi mandimu m'mawa, pofika masana amakhala atafota ndi kutulutsa madzi.

Mizere nayo yayamba kufufutika. Ndi ya penti, siyojambulidwa mu pulasitiki, ndipo wa 30, womwe ndimaudalira kwambiri, watsala pang'ono kuzimiririka. Musatsuke ndi sitilo waya kapena madzi otentha kwambiri. Ine ndimathiramo madzi ofunda ndi sopo pang'ono, n'kukhutchumula, n'kutsukuluza. Fungo la adyo limakanirira mu pulasitiki. Ndikakaviika usiku wonse ndi soda ndi madzi limachepa, koma silitheratu.

Pa za kusunga, musapange yambiri chifukwa choti kabotoloka ndi ka mamililita 300. Kutentha kwa October kuno, kuphatikiza kuthimathima kwa magetsi, firiji siingadaliridwe tsiku lonse. Ya chambiko ndimapanga ya masiku awiri okha. Ya mandimu masiku atatu, ndipo imakhala mufiriji nthawi zonse, chifukwa adyo wosaphika akakhala m'mafuta pamalo otentha akhoza kumera tizilombo toopsa ngakhale fungo lisasinthe. Masamba omwe ndimagula ku msika wa Lizulu ndimawatsuka ndi madzi othira mankhwala kapena owiritsa. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 momwe inavutira mumzinda muno, ndipo mandimu kapena viniga wa mu dressing sangalowe m'malo mwa kutsuka.

Za thupi langa, latsika, pang'onopang'ono koma mooneka, masiketi awiri omwe ndinawasiya ayambanso kundikwana. Sindinganene kuti ndi kabotoloka kokha, chifukwa ndachepetsanso nsima ya madzulo ndi shuga wa mu tiyi, ndipo ndimayenda pansi m'mawa katatu pa sabata. Mankhwala a BP ndikumwabe monga anandiuzira kuchipatala.

Ngati muli kale ndi supuni yoyezera ya mamililita 15 ndi botolo la jamu lotseka bwino, simukusowa kanthu, ntchito yake ndi yomweyo, ndipo galasi silisunga fungo. Koma ngati muli ngati ine, amene m'mawa mumathamangitsana ndi ana a sukulu ndipo mulibe nthawi yowerenga masupuni, mizere ija imathandiza kwambiri. Pogula, pemphani kuti athiremo madzi pomwepo mu shopu, mutseke, mukazondotse ndi kukhutchumula kuti muone ngati sikakudontha, ndipo palasani mzere umodzi ndi chikhadabo. Ine kakadzatheratu aka ndidzafunafuna kagalasi, ka mizere yosafufutika.