Sola ya pakhomo ku tauni yaing'ono: zimene ndaona pa miyezi 14

Pamene tinkakonzekera kusamuka mumzinda kupita ku tauni yaing'ono ya kumudzi kumene tikukhala tsopano, munthu wina amene anakhalako zaka zambiri anandiuza kuti magetsi aliko ndithu, koma akangozima ndisamavutike n'kuyang'ana wotchi. Poyamba ndinkaganiza kuti akungondiopseza, mpaka pamene anandifotokozera chifukwa chake. Tauni yotereyi imakhala kumapeto kwa mawaya ataliatali odutsa m'minda ndi m'nkhalango, ndipo nthambi ikagwera pa waya kapena mapolo akagwa ndi mvula yamkuntho, amisiri okonza amachokera kutali, komanso asanagwire chilichonse amayamba ayenda makilomita ambiri kufufuza pamene pavuta. Ntchito yanga ndimagwirira pa kompyuta ndi pa intaneti, ndipo ndiyo inatilola kuchoka mumzinda, choncho sindikanayerekeza kudalira mwayi. Ndinagula zida za sola ku kampani ina ya mumzinda imene imagulitsa n'kudzakuikirani yokha, ndipo tsopano tazigwiritsa ntchito miyezi 14.

Zidazo n'zabwino ndipo ndingazigulenso, koma chithandizo chimene kampaniyo imapereka munthu akagula chinakonzedwera kasitomala wokhala pafupi ndi ofesi yawo, osati wokhala mtunda wa maola anayi pa galimoto, pomwe gawo lina la msewuwo ndi lafumbi.

Ndinalandira mapanelo awiri a mawati 400 lililonse, batire limodzi la lithiyamu la mtundu wa LiFePO4, kontirola ya MPPT, imene imalamulira magetsi ochokera ku mapanelo polowa m'batire, ndi inveta, chida chosandutsa magetsi a m'batire kukhala a m'nyumba, ya mawati 1,500 yotulutsa magetsi osalala otchedwa pure sine wave, amene sawononga injini ya firiji monga imachitira inveta yotsika mtengo. Batirelo ndi la mavolti 25.6 ndi 100Ah, ndipo mukachulukitsa manambala awiriwo mumapeza 2,560Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola), amene ndiye magetsi onse amene batirelo lingasunge. Nambala imeneyi ndiyo yofunika kuiloweza pamtima kuposa mawati a inveta amene amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni, chifukwa inveta imangokuuzani kukula kwa chinthu chimene mungayatse nthawi imodzi, pomwe batire ndilo limakuuzani ngati mudzafika m'mawa magetsi asanathe.

Pa zida zonsezi, batire ndilo landisangalatsa kwambiri. Mabatire akale a asidi safuna kutsitsidwa kupitirira theka, apo ayi amafa msanga, pomwe la LiFePO4 mungaligwiritse ntchito mpaka magawo 80 kapena 90 pa 100 tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, ndipo silifuna kuthiridwa madzi. Mtundu umenewu unachokera ku kafukufuku wa gulu la John Goodenough pa yunivesite ya Texas, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1997, ndipo mkuluyo analandira mphoto ya Nobel mu 2019 ali ndi zaka 97, pamodzi ndi Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, chifukwa cha ntchito yawo pa mabatire a lithiyamu. Chimene chinandikopa ine makamaka n'chakuti mabatire a mtunduwu sagwira moto msanga poyerekeza ndi a lithiyamu okhala ndi chitsulo cha cobalt. Munthu wa mumzinda angaione ngati nkhani yaing'ono, koma kumalo kumene galimoto yozimitsa moto ingafike nyumba itatha kale, chinthu chimene mukugona nacho m'nyumba usiku uliwonse muyenera kuchikhulupirira ndi mtima wonse.

Mapanelo sanafikepo pa mawati 800 amene analembedwa, ndipo pamenepa sindikuimba mlandu kampaniyo kuti inandinamiza, ngakhale ikanachita bwino kundifotokozera. Manambala a pa panelo amayezedwa m'chipinda choyesera, pa kuwala kwa mawati 1,000 pa sikweya mita imodzi, panelo lili pa madigiri 25. Pa denga masana panelo limatentha mpaka madigiri 60 kapena kuposa, ndipo kutentha kukamakwera mphamvu yake imatsika. Nambala yaikulu imene ndinaionapo pa kontirola ndi mawati 660, ndipo linali tsiku lozizira, kumwamba kuli mbee, mvula itangotsuka mapanelo usiku wake. Pa tsiku la dzuwa labwino timakolola pafupifupi 3,000Wh, pomwe pa tsiku la mitambo yothithikana sitifika ngakhale 700Wh.

Kagwiritsidwe ntchito kathu n'kochepa. Firiji yaing'ono imadya pafupifupi 700Wh pa tsiku, rauta ya intaneti ya mawati 10 imene sizimitsidwa imadya 240Wh, laputopu imadya 360Wh, ndipo mababu 6 a LED a mawati 7 akayaka maola asanu amadya 210Wh. Kwa milungu ingapo ndinkadabwa kuti masamu angawa sakugwirizana ndi mmene batire linkatsikira, kufikira nditazindikira kuti inveta yokha, ngakhale palibe chimene mwalumikizapo, imadya mawati 20 nthawi zonse. Pa maola 24 amenewo ndi 480Wh, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a batire lonse, ndipo palibe amene anazitchula pogulitsa. Motero batire lodzaza limatisunga tsiku limodzi ndi maola owerengeka chabe, ndipo mitambo ikakhala masiku atatu otsatizana magetsi a mawaya atazima, timazimitsa inveta usiku n'kuisiya firiji yotseka mpaka dzuwa litakwera.

Ketulo yamagetsi ndi ayironi siziyenera kuyandikira zida za kukula kotere. Ndinadziwa zimenezi m'mawa wina nditaiwala n'kulumikiza ketulo ya mawati 2,000: inveta inalira katatu n'kuzimitsa nyumba yonse, ndipo inayakanso bwinobwino nditachotsa ketuloyo, zimene zinandisonyeza kuti chitetezo chake chimagwira ntchito.

Mavuto anayambira pa tsiku loika. Amisiri atatu a kampaniyo anafika masana dzuwa lili paliwombo, atatopa ndi ulendo, ndipo kuyambira potsika galimoto maganizo awo anali pa kubwerera kusanade. Ntchito imene inafunika tsiku lathunthu anaithamangitsa m'maola atatu. Mapanelo amayenera kuyang'ana mbali ya ikweta, kutanthauza kuti ayang'ane kumpoto ngati muli kum'mwera kwa ikweta, ndi kum'mwera ngati muli kumpoto kwake, ndipo pamenepo sanalakwitse. Koma sanayang'ane mtengo waukulu wa pa mpanda wa oyandikana nawo, umene mthunzi wake umafika pa ngodya ya panelo limodzi kuyambira 3 koloko masana. Popeza mapanelo awiriwo analumikizidwa motsatizana, mthunzi wa pa limodzi umatsitsa mphamvu ya onse awiri, ngakhale kuti m'kati mwa panelo muli tizida totchedwa bypass diode tochepetsa vutolo. Akanawasunthira mita imodzi ndi theka kuchoka pamene anawaika, vutoli silikanakhalapo, koma kuti munthu aone zimenezo amafunika kukhala pamalopo mpaka mthunzi utafika, ndipo iwo nthawi imeneyo anali akumanga kale makwerero pa galimoto.

Fumbi nalonso ndi lambiri kuposa la mumzinda, chifukwa msewu wodutsa pakhomo pathu ulibe tala. M'nyengo yopanda mvula ndimatsuka mapanelo kamodzi pa milungu iwiri, m'mamawa galasi lisanatenthe, ndi madzi okha ndi nsalu yofewa yomangirira ku mtengo wautali, ndipo ndikatero mphamvu imakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kabuku ka malangizo kamati n'kokwanira kutsuka kawiri pa chaka, ndipo n'zoonekeratu kuti wolemba kabukuko sanaonepo lole ikudutsa pa msewu wouma.

M'mwezi wachisanu ndi chiwiri, masana ena kukutentha, kontirola inasonyeza kuti palibe magetsi alionse ochokera padenga, pomwe dzuwa linali paliwombo. Magetsi a mawaya anali atazima kwa masiku awiri, batire lili pa magawo 40 pa 100, ndipo ndinali ndi ntchito yofunika kutumiza mawa lake. Nditaimba ku kampaniyo anandiyankha mwaulemu, koma anandipempha kuti ndijambule vidiyo ya kontirola n'kuitumiza pa WhatsApp, ndipo chifukwa cha kufooka kwa netiweki tsiku limenelo vidiyo ya mphindi imodzi inatenga pafupifupi ola kuti ipite. Ataionera anagamula kuti kontirola yafa, ndiimasule n'kupita nayo ku ofesi yawo, ndipo kuiyeza kudzatenga masiku 14 ogwira ntchito. Ndinafunsa ngati angandibwereke ina yongogwirizira, anati alibe dongosolo lotero. Ndinafunsanso ngati mmisiri wawo angabwere, anati angabwere ndikalipira ulendo wonse, ndipo tsiku loyandikira limene anali ndi mpata linali patatha milungu itatu. Anandichenjezanso kuti munthu wina aliyense akatsegula chida chawo, waranti, limene ndi lonjezo lawo lokonza chida chikawonongeka, yatha pomwepo.

Nditasowa pogwira, woyandikana naye nyumba anandilozera kwa bambo wina wachikulire amene amakonza mawailesi, mapampu ndi mawaya a m'nyumba m'tauni yonseyi. Anabwera pa njinga madzulo omwewo ali ndi mita yoyezera magetsi m'thumba. Nditawafotokozera za waranti, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, musade nkhawa, bokosi lanulo sindiligwira. Madzi akapanda kufika pa mpope sitiyamba n'kuphwanya mpope, timayamba tayenda ndi paipi." Anayeza mawaya olowa mu kontirola n'kupeza kuti mulibe kanthu, kenaka anakwera padenga. Patangopita mphindi khumi anatsika atagwira kacholumikizira kakuda ka pulasitiki, kamene amisiri a sola amakatcha MC4, katasungunuka mbali imodzi ndipo kakununkha kupserera. Anandionetsa m'kati mwake mmene waya anangofinyidwa ndi pulayala wamba m'malo mwa chida chake chofinyira, moti theka la tinsambo ta kopa linali panja. Polumikizira potere pamatentha pang'onopang'ono tsiku lililonse mpaka pamapsa, ndipo malinga ndi iwo ndinachita mwayi kuti panangoduka osayatsa moto. Kontirola imene ndinauzidwa kuti yafa inalibe vuto lililonse.

Cholumikizira chatsopano sichinapezeke m'tauni muno, choncho analumikiza mongoyembekezera mpaka pamene china chinabwera ndi munthu wochokera mumzinda patatha masiku anayi. Ali padengapo anaonanso kuti mafelemu a mapanelo sanalumikizidwe ku nthaka ndiponso kuti panalibe chida choteteza ku mphamvu ya mphezi, zinthu ziwiri zimene nyumba yoima payokha pamalo poyera imazifuna kwambiri kuposa nyumba yozunguliridwa ndi nyumba zazitali. Zonsezi anaziika mlungu wotsatira, ndipo mapanelo anawasunthira kumene mthunzi sufika.

Kunena chilungamo, pali zina zimene kampaniyo inachita bwino. Zida zimene inasankha n'zolimba, mawaya ake ndi okula mokwanira, ndipo pulogalamu ya pa foni yoonera batire imalumikizana ndi kontirola pa Bluetooth, choncho imagwira ntchito ngakhale intaneti palibe, chinthu chofunika kwambiri kuno. Mapanelo anawamanga ndi mabawuti osamasuka ndi sipanala wamba poopa akuba, ngakhale kuti m'tauni mmene aliyense amadziwa njinga ya mnzake, munthu wonyamula panelo usiku sangapite patali asanafunsidwe kumene walitenga. Chimene sindinachiganizire pogula n'chakuti nyumba yokhala ndi kuwala tauni yonse ili mu mdima siikhala ya inu nokha. Magetsi akazima masiku awiri, pakhonde pathu pamadzaza mafoni a oyandikana nawo, ndipo popeza foni imodzi imafuna 15Wh kapena kucheperapo kuti idzaze, mafoni khumi sawononga kanthu poyerekeza ndi zimene inveta imadya ili chikhalire. Anthu ambiri amene ndikuwadziwa kuno ndinawadziwira pakhonde pomwepo, akudikira foni, ndipo mmodzi wa iwo ndiye anandilozera kwa mmisiri uja.

Amene akusamukira ku tauni yaing'ono n'kumalingalira zogula zida zotere afunse mafunso asanalipire, ndipo mayankho ake alembedwe pa pepala. Afunse ngati kampaniyo ili ndi mmisiri amene imamuvomereza pafupi ndi kumene akupita, ngati imabwereketsa chida china pamene chakecho chikukonzedwa, ndiponso kuti ulendo wa mmisiri amalipira ndani pamene cholakwa chili cha oika. Aumirire kuti oikawo afike m'mawa ndipo asachoke asanaone mthunzi wa madzulo, komanso kuti amusiyire mafyuzi ndi zolumikizira zapadera zingapo, chifukwa tinthu timeneti tilibe ntchito m'kabati mpaka tsiku limene kamodzi kapsa. Akanakhala ine lero ndikanatenganso batire lachiwiri, kuti mitambo ya masiku atatu isamatiwerengetse mababu.

Cholumikizira chopsereracho ndinachijambula n'kutumiza chithunzi ku kampaniyo pamodzi ndi kalata yopempha kuti andibwezere zimene ndinalipira mmisiri wa kuno, popeza cholakwa chinali cha antchito awo. Anayankha patatha milungu iwiri kuti apepesa chifukwa cha vutolo, kuti waranti ya kontirola ndi inveta ikadalipo poti sizinatsegulidwe, koma kuti waranti ya ntchito yoika yathetsedwa chifukwa munthu wosavomerezeka anakwera padenga n'kusuntha mapanelo. Za kubweza ndalama anati nkhaniyo aipereka kwa akuluakulu awo, ndipo papita miyezi isanu ndi umodzi ndikudikira yankho.