WhatsApp m'kalasi: imafikitsa phunziro, koma sithandiza kuchonga

Masukulu atatsekedwa m'mayiko ambiri mu 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, aphunzitsi ochuluka sanadikire kuti wina awagulire pulogalamu yophunzitsira; anangotsegula magulu pa WhatsApp, popeza ndi yomwe ophunzira ndi makolo anali nayo kale m'mafoni. Pulogalamuyi, yomwe Jan Koum ndi Brian Acton anayambitsa mu 2009 ndipo kampani ya Facebook inaigula mu 2014, sanaipangire sukulu, ndipo zimenezi zimaonekera msanga ikagwiritsidwa ntchito temu yathunthu.

Ubwino wake waukulu uli pa mauthenga a mawu. Mphunzitsi wa masamu akhoza kujambula tsamba limene wasovapo funso, n'kuwonjezerapo mawu a mphindi ziwiri olozera pamene ana ambiri amaphonya, ndipo wophunzira amamvetsera mobwerezabwereza ngakhale netiweki itavuta, pakuti uthengawo ukangolowa umakhala m'foni. Pa maphunziro a zilankhulo mpamene imaposa: mwana wamanyazi, amene sangayerekeze kuwerenga mokweza anzake akumva, amatumiza mawu ake kwa mphunzitsi yekha n'kuwongoleredwa mwakachetechete. Kuyambira 2022 gulu limodzi limalandira anthu 1,024 ndipo fayilo imatha kufika 2GB, choncho kukula kwa kalasi si nkhani. Chofunika kukumbukira n'chakuti WhatsApp imachepetsa kuoneka bwino kwa zithunzi pozitumiza, moti timanambala ta pamwamba ndi tizizindikiro ta sayansi timazimiririka. Tsamba lotere ndi bwino kulitumiza ngati fayilo.

Mavuto amayamba ophunzira akamabweza ntchito. Ana 60 akatumiza zithunzi za makope awo madzulo amodzi, zina zozondoka, zina zopanda dzina, zimasakanikirana ndi malonje, timasitika ndiponso mauthenga ongopatsirana omwe sakukhudza phunzirolo n'komwe. Palibe malo olembapo malikisi, palibe tsiku lotsekera, ndipo mphunzitsi sangadziwe amene sanapereke pokhapokha atawerenga mayina payekha. Choipa kwambiri, amene wayamba kutumiza yankho pagulu wapatsa anzake onse chokopera. Mapulogalamu opangidwira maphunziro monga Moodle, yomwe inatuluka mu 2002, ndi Google Classroom ya mu 2014 anathana nazo kalekale zimenezi, chifukwa ntchito ya wophunzira aliyense imapita kwa mphunzitsi payokha. N'zoona kuti woyang'anira gulu angathe kutseka kuti azilemba ndi iye yekha, koma akatero gululo limasanduka bolodi la zidziwitso ndipo mafunso amatha.

Chimene ndikuona kuti akuluakulu a sukulu amachipeputsa ndi nkhani ya manambala a foni. M'gulu wamba aliyense amaona nambala ya mnzake, kutanthauza kuti mtsikana wa zaka 14 akhoza kulemberedwa kumbali ndi wina aliyense wa m'gulumo, ndipo naye mphunzitsi amalandira mafunso pakati pa usiku ngati kuti ntchito yake ilibe nthawi yowerukira. Gawo la WhatsApp lotchedwa Communities, lomwe limasonkhanitsa magulu angapo pamodzi ndipo linabwera mu 2022, limabisa manambala pagulu lolengezera lokha, osati m'magulu okambirana. Komanso malamulo a WhatsApp salola ana osakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti yodziyendetsera okha, choncho kupulayimale gulu liyenera kukhala la makolo, ndipo kusekondale ndi bwino kuti mukhale aphunzitsi awiri kapena kuposerapo, kuti pasakhale wamkulu mmodzi yekha wolankhula ndi ana popanda womuona.